Obadwira Kulamula

Mzinda uno usanatchedwe Harare pa 18 Epulo 1982, unkadziwika ndi dzina la munthu amene sanapondepo phazi ku Mashonaland. Azungu a Cecil Rhodes atafika pano mu Seputembala 1890 anamanga linga n'kulitcha Fort Salisbury, polemekeza nduna yaikulu ya Britain ya nthawi imeneyo. Mwini wake dzina lake lenileni linali Robert Gascoyne-Cecil. Salisbury linali dzina la mpando umene analowa bambo ake atamwalira mu 1868, mpando wa marquess, ndipo iye anali wachitatu kukhalapo. Bwalo limene lero timalitcha Africa Unity Square linkatchedwa Cecil Square chifukwa cha banja lomwelo.

Tsatirani mapazi a munthu ameneyu. Analowa m'nyumba ya malamulo mu 1853 ali ndi zaka 23, kuimira tauni ya Stamford, kumene mpando unali m'manja mwa mbale wake, Marquess of Exeter. Palibe anapikisana naye. Bambo ake atamwalira anasamukira ku House of Lords, nyumba imene ambiri ankalowamo chifukwa cha kubadwa, popanda voti ya munthu aliyense. Anakhala nduna yaikulu katatu, zaka zoposa 13 zonse pamodzi, ndipo m'boma lake la 1900 munachuluka abale ake mpaka anthu ankalinena kuti Hotel Cecil. Potula pansi udindo mu 1902, amene analowa m'malo mwake anali Arthur Balfour, mwana wa mlongo wake. Mukabwerera m'mbuyo zaka 300 mupeza kholo lake, William Cecil, ali nduna yodalirika ya Mfumukazi Elizabeth I. Salisbury sanali chitsiru kapena mlesi. Ankawerenga kwambiri ndipo nkhani za mayiko ankazidziwa. Koma mwana wa mlimi wa ku Stamford, ngakhale akanakhala ndi mutu woposa wake, njira imeneyo sakanayendamo, chifukwa inalambulidwa kalekale ndipo inalambulidwira banja limodzi.

Zimenezi ndi zimene zimatchedwa aristocracy: dziko kukhala m'manja mwa mabanja ochepa amene udindo, malo ndi ulemu zimayenda m'magazi mwawo, lamulo n'kumavomereza kuti iwo si ofanana ndi anthu wamba. Tisausokoneze ndi ulamuliro wa mfumu imodzi. Mfumu imatha kukhalapo pamwamba pawo, monga ku England, kapena osakhalapo n'komwe, monga ku Roma m'zaka zimene zinthu zinali m'manja mwa nyumba ya akuluakulu ya Senate. Tisausokonezenso ndi kulemera. Wamalonda wa ku Mbare Musika amene wagula malole asanu ndi wolemera, koma akagwa lero, mawa ali pamzere wa kombi limodzi nafe. Duke, mwini mpando wapamwamba wobadwa nawo, amene chuma chamuthera amakhalabe duke, ndipo mwana wake adzakhala duke.

Agiriki, amene anayambitsa mawuwa, ankatanthauza ulamuliro wa anthu abwino koposa. Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Yesu asanabadwe, ankafunsa mafunso awiri pa boma lililonse: akulamula ndi angati, ndipo akulamulira ubwino wa ndani? Anthu ochepa akamalamula moganizira mzinda wonse, iye ankati imeneyo ndiyo aristocracy. Ochepa omwewo akayamba kudyera okha, ankati yasanduka oligarchy, ulamuliro wa olemera ochepa. Pomva chabe zimakoma. Ndani angakane kutsogoleredwa ndi anthu anzeru, olimba mtima ndi achilungamo? Vuto lili pa muyeso. Ubwino wa munthu sulembedwa pamphumi, ndiye amene ali kale ndi mphamvu ndi amene amanena kuti wabwino ndani. Kumene kunayesedwa zimenezi yankho linkatuluka limodzimodzi: abwino ndife, tikachoka ife ndi ana athu. Ku Athens komweko mabanja olamula ankadzitcha Eupatridae, ana a abambo abwino, ndipo pofika cha m'ma 594 Yesu asanabadwe alimi osauka ankagulitsidwa ukapolo chifukwa cha ngongole. Solon, mtsogoleri wa mzindawo, anachita kufafaniza ngongolezo n'kuyamba kugawa maudindo potengera zokolola za munthu m'malo mwa dzina la banja lake, kuti mzinda usagawanike ndi nkhondo ya pachiweniweni.

Mphika wa ulamuliro wotere umakhala pa mafuwa atatu, ndipo lalikulu mwa onse ndi nthaka. William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066 analanda malo a eni dziko n'kuwagawira akuluakulu ake ankhondo, iwo n'kumamubwezera asilikali. Mu 1086 analembetsa minda, ziweto ndi zigayo za dzikolo m'buku la Domesday kuti adziwe chimene aliyense ali nacho. Anthu okhala pa malowo ankalimira bwana masiku angapo pa sabata, ndipo ambiri sankaloledwa kusamuka popanda chilolezo chake. Chimene chinasunga malowo m'manja omwewo zaka mazanamazana ndi mwambo wa cholowa. Mwana wamwamuna woyamba ankatenga zonse, nyumba, minda ndi mpando, kuti chuma chisamwazike. Ang'ono ake ankapita ku usilikali, ku mpingo, ndipo pambuyo pake ku mayiko amene Britain inkalanda. Boma litachita kalembera wa eni malo m'zaka za m'ma 1870, zinapezeka kuti anthu pafupifupi 7,000 anali ndi magawo anayi mwa magawo asanu a nthaka ya United Kingdom, dziko la anthu oposa 30 miliyoni. Mwini nthaka anali mwini chakudya, mwini lendi, komanso mwini mavoti a amene ankalima pa malo ake, chifukwa mpaka 1872 kuvota kunkachitika poyera, anthu a bwana akuona.

Lachiwiri ndi lamulo, ndipo apa ndi pamene ndimafuna owerenga aimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pamasiyanitsa aristocracy ndi kusiyana wamba kwa olemera ndi osauka. Ku France 1789 isanafike anthu anagawidwa m'magulu atatu: atsogoleri a mpingo, mabanja apamwamba, ndi ena onse, amene anali oposa 95 pa anthu 100 alionse. Msonkho waukulu wotchedwa taille unkagwera gulu lachitatuli, apamwamba osapereka. Kusaka nyama kunali kwa mabwana, ngakhale nyamazo zikutha mbewu za mlimi. M'madera ambiri mlimi ankakakamizidwa kugayitsa tirigu wake ku chigayo cha bwana ndi kuphika buledi mu uvuni wa bwana, n'kulipira. Ngakhale pa imfa panali kusiyana: wapamwamba akapalamula mlandu wophedwa nawo ankadulidwa mutu ndi lupanga, munthu wamba ankanyongedwa ndi chingwe. Mu 1781 anaika lamulo loti wofuna kulowa usilikali ngati ofisala aonetse kuti mibadwo inayi ya makolo ake inali yapamwamba. Ku England nako lord akaimbidwa mlandu waukulu ankazengedwa ndi ma lord anzake, mwambo umene unatha mu 1948. Munthu sankachita kuba kapena kupereka ziphuphu kuti apeze mwayi umenewu. Unalembedwa m'buku la malamulo, ndipo woweruza ankautsatira ndi mtima woyera.

Lachitatu ndi ukwati. Mpando ukamayenda m'magazi, magaziwo ayenera kulonderedwa. Ku Roma wakale lamulo linkaletsa ukwati pakati pa mabanja apamwamba ndi anthu wamba mpaka 445 Yesu asanabadwe. Ku Venice, mu 1297, anayamba kutseka khomo la bwalo lalikulu la mzinda kuti azilowamo a mabanja amene analimo kale, ndipo pambuyo pake kubadwa ndi maukwati a mabanjawo zinkalembedwa m'buku lapadera lotchedwa Buku la Golide. Komabe khomo silinkatsekedwa kotheratu, ndipo nzeru yawo inali pomwepo. Mafumu a ku France ankagulitsa maudindo amene ankasandutsa wogulayo kukhala wapamwamba. Ku England ofulula mowa ndi eni mabanki ankapatsidwa mipando ya ma lord. Minda itayamba kuchepa phindu, ana a ma duke anakwatira ana aakazi a olemera a ku America, monga Consuelo Vanderbilt amene anakwatiwa ndi Duke of Marlborough mu 1895. Munthu wamba amene akanatsogolera anzake kuukira ankakokedwera m'kati, ndalama zake n'kufolerera denga la nyumba yakale.

Pamwamba pa zonsezi pamabwera kalankhulidwe, kavalidwe, sukulu zawozawo ndi kadyedwe. Zimaoneka zazing'ono, koma ntchito yake ndi yaikulu: kuchititsa wapansi kukhulupirira kuti kusiyanako ndi kwachibadwa.

Amene amaikira kumbuyo ulamuliro wotere ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Amati munthu amene sadera nkhawa za mawa, amene waleredwa kuyambira ali mwana kuti adzasenza udindo, amaona patali kuposa wandale amene maso ake ali pa chisankho chikubwerachi. Amatinso mabanja amphamvu ndiwo ankatha kuimitsa mfumu yankhanza. Izi zinachitikadi. Mu Juni 1215 ma baron a ku England anakakamiza Mfumu John kuvomereza Magna Carta ku Runnymede, chikalata chonena kuti mfulu isamangidwe kapena kulandidwa katundu popanda chiweruzo choyenera. Mfundo imeneyo inakula mpaka kufika m'makhothi athu lero. Koma tiziwerenga bwino: chikalatacho chinkanena za mfulu, pomwe alimi ambiri a m'midzi sanali mfulu. Ma baron ankateteza zawo, ena anadzapindula patapita zaka mazana. Ndipo mabanja apamwamba akakula mphamvu mopanda wowaletsa, dziko limatha kufa. Ku Poland munthu mmodzi wapamwamba ankatha kuimitsa msonkhano wonse wa nyumba ya malamulo pongonena kuti sakuvomereza, zimene zinayamba kuchitika mu 1652. Mayiko oyandikana nawo anaphunzira kugula mawu amodziwo. Pofika 1795 Russia, Prussia ndi Austria anali atagawana dzikolo, Poland n'kuchoka pa mapu.

Kugwa kwake kunabwera mosiyanasiyana. Ku France, usiku wa pa 4 Ogasiti 1789, nyumba ya malamulo inathetsa mwayi wapadera wa mabwana a minda, ndipo chaka chotsatira inathetsa maina a ulemu obadwa nawo. Ku Russia zinatha ndi kuukira kwa 1917. Ku Japan malamulo atsopano a 1947 anathetsa mipando yotere kupatula banja la mfumu. Ku Ethiopia, kumene alimi a kum'mwera ankapereka gawo lalikulu la zokolola kwa eni malo, Haile Selassie anachotsedwa mu 1974 ndipo mu Malichi 1975 nthaka yonse ya kumidzi inalandidwa ndi boma. Ku Britain kunalibe kukhetsa magazi, kunali kuperesa pang'onopang'ono. Tirigu wotsika mtengo wa ku America anagwetsa lendi ya minda, msonkho wa pa chuma cha masiye unayamba kuluma kuyambira 1894, lamulo la 1911 linalanda House of Lords mphamvu yokanira malamulo mpaka kalekale, ndipo mu 1999 ma lord obadwa nawo anachotsedwa m'nyumbamo n'kutsala 92. Mu 2024 boma linabweretsa bilu yochotsa otsalawo. Koma onani chimene chinatsala: banja la Duke of Westminster likadali ndi malo aakulu ku Mayfair ndi Belgravia, pakati penipeni pa London. Mpando wa m'nyumba ya malamulo unachoka msanga kuposa nthaka.

Tsono tisamaone ngati zimenezi ndi za Azungu okha. Ifenso tinali nazo. Mu ufumu wa Maravi, Kalonga ankachokera ku mfunda wa Aphiri, mwa ana a mzere wa Nyangu. Undi, Lundu ndi Kaphwiti, amene analamula madera akuluakulu, anali a mfunda womwewo. Abanda anali ndi gawo lawo: mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa iwo, ndipo za mvula ndi nsembe, monga kwa Makewana ku Msinja, zinkayendera mbali imeneyo. Mlenje akapha njovu, nyanga yogunda pansi inali ya mfumu, pamodzi ndi zikopa za mkango ndi kambuku. Panali mfulu, panalinso akapolo, ndipo mpaka lero m'midzi ina akuluakulu amadziwa banja limene kholo lake linabwera ngati chikole cha mlandu, ngakhale sanena poyera. Kuno ku Zimbabwe, makoma a miyala a Great Zimbabwe, ena otalika mamita 11, sanamangidwire aliyense. Ofukula zakale anapeza mbale za ku China ndi ku Persia m'malo okhala akuluakulu, pomwe anthu ambiri ankakhala m'nyumba zothithikana kunja kwa makomawo. Kwa Amandebele a Mzilikazi kugawa kunali koonekeratu: abeZansi amene anachokera naye kum'mwera anali pamwamba, abeNhla amene anatengedwa m'njira anali pakati, amaHole, eni dziko amene anawapeza kuno, anali pansi, ndipo kukwatirana modumpha malire amenewa sikunkalandiridwa. Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835, nawonso ankasiyanitsa ochokera kum'mwera ndi ogwidwa pa nkhondo, ngakhale wogwidwa wolimba mtima ankatha kukwera mpaka kukhala nduna.

Komabe ine sindivomereza amene amati ufumu wa Achewa ndi chimodzimodzi ndi ma lord a ku England. Kusiyana kwake kuli pa nthaka ndi pa cholowa. Mfumu yathu imatchedwa mwini dziko, koma ntchito yake inali kugawa malo, osati kuwagulitsa kapena kulipiritsa lendi. Munda ukaperekedwa unkakhala wa banjalo. Ufumu sunkapita kwa mwana wa mfumuyo, unkapita kwa mng'ono wake kapena mwana wa mlongo wake, ndipo amayi a mbumba ankakhala pansi n'kusankha pakati pa oyenera, wosamva ndi waumbombo n'kumudumpha. Polonga ufumu, wolowayo ankalangizidwa ngati mwana, kuuzidwa kuti asamadye yekha ndiponso kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Mfumu ikachita nkhanza anthu ankasamuka usiku n'kukapempha malo kwa ina, ndipo mfumu yopanda anthu inkatsala ndi dzina lokha. Anzathu a Chishona ali ndi njira yawo: ufumu umazungulira nyumba zingapo za banja lachifumu, nyumba iyi ikadya, inzake imadikira nthawi yake. Njira zonsezi sizinathetse kusiyana kwa obadwira ku banja lachifumu ndi ena, koma zinkaletsa chuma ndi mphamvu kuunjikana m'nyumba imodzi mibadwo khumi.

Chimene chinabwera ndi atsamunda chinali china. Rhodes mwini wake sanali wa banja lapamwamba, anali mwana wa m'busa wa mpingo. Pofuna chilolezo cha Mfumukazi Victoria cha kampani yake ya British South Africa Company mu 1889, anadziwa kuti ndalama za dayamondi zokha sizikwanira, ndiye anaika Duke of Abercorn ndi Duke of Fife pa mipando ya atsogoleri a kampaniyo. Fife anali atangokwatira mdzukulu wa Mfumukazi chaka chomwecho. Dzina lake tikulitchulabe tikamanena za mashopu a pa Fife Avenue. Albert Grey, amene anakhala Earl Grey mu 1894, anayendetsa dziko lino m'malo mwa kampaniyo pa nthawi ya nkhondo ya 1896. Koma Azungu ambiri amene anabwera kudzakhala sanali ma lord. Anali anthu wamba kwawo: asilikali, amigodi, makalaliki. Atafika kuno anamanga chinthu chomwecho chimene kwawo chinkawapondereza, khungu n'kulowa m'malo mwa dzina la banja. Aliyense wa gulu la 1890 analonjezedwa maekala 3,000. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatula pafupifupi theka la dziko kukhala la Azungu, amene anali pafupifupi 50,000, anthu akuda oposa miliyoni imodzi n'kukankhidwira ku malo otsala. Pansi pa malamulo a bwana ndi wantchito, kuthawa ntchito unali mlandu wopita nawo kundende. Nthaka, lamulo ndi malire a ukwati, zonse zinalipo.

Agogo anga aamuna anachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata n'kudzagwira ntchito yophika m'nyumba ina ku Highlands. Ankagona m'kaya kuseri kwa nyumba, agogo aakazi ndi ana ali ku lokeshoni. Kapu yawo inali yachitsulo, yokoleka pa msomali panja pa khitchini, kuti isasakanikirane ndi makapu amene iwo omwe ankatsuka. Mwana wa m'nyumbamo, amene anamuona akubadwa n'kumuphikira phala, ankamutchula kuti bwana wamng'ono, mwanayo n'kumawaitana kuti boyi, iwo ali ndi imvi. Bwana wamkuluyo, malinga ndi agogo, kwawo anali makanika, ndipo sanali munthu wankhanza. Ankawapatsa jekete lakale pa Khirisimasi. Ichi n'chimene chimandikhudza kwambiri: panalibe chifukwa choti akhale wankhanza. Dongosolo linkamugwirira ntchito iye ali phee, ndipo mwana uja sanachite chilichonse kuti akhale bwana kupatula kubadwa.

Kumene agogo anachokera nako kunali zomwezo. Kum'mwera kwa Nyasaland, ku Shire Highlands, Azungu ochepa anatenga malo aakulu, Harry Johnston, woyang'anira dzikolo m'malo mwa Britain, n'kuwatsimikizira ndi zikalata m'zaka za m'ma 1890. Anthu okhala pa ma esiteti ankalipira lendi ndi thukuta lawo, ntchito ya thangata. Nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo thangata linapitirira mpaka 1962. Msonkho wa nyumba, kuchepa kwa malo ndi kusowa kwa ntchito ndi zimene zinatumiza makolo athu ku mapulazi ndi ku migodi ya kuno, ena pansi wapansi, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito.

Atsamunda anasinthanso ufumu wathu umene anaupeza. Mfumu inayamba kulandira malipiro kwa boma, kutolera msonkho, ndipo amene ankatha kuichotsa sanalinso mbumba koma bwanamkubwa. Kuyang'ana kwake kunatembenuka, kuchoka kwa anthu kupita kwa DC. Ena anakana. Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu anachotsedwa pa mpando mu 1953 chifukwa chotsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Rekayi Tangwena anakana kusamutsa anthu ake ku Gaeresi, ku Nyanga, ngakhale boma linkagwetsa nyumba zawo. Ena anagwiritsidwa ntchito: mu Okutobala 1964 Ian Smith anasonkhanitsa mafumu ku Domboshava, pafupi pomwepa, n'kumauza dziko lapansi kuti anthu akuda avomereza ufulu umene iye ankafuna, pomwe anthuwo sanafunsidwe. Nkhani ziwirizi zikuonetsa mbali zonse za udindo wobadwa nawo. Mfumu imene siopa kuluza chisankho ikhoza kuima nji pamene ena athawa. Mfumu yomweyo, popeza sidikira voti ya anthu ake, ikhoza kulankhula m'dzina lawo zimene iwo sananene.

Funsoli likadali pakati pathu. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amapereka mipando 18 mwa mipando 80 ya Senate kwa mafumu, amene amasankhidwa ndi mafumu anzawo. Malamulo omwewo, pa gawo 281, amaletsa mafumu kukhala mamembala a chipani kapena kukondera chipani. Ku Malawi malamulo a 1994 anakonza Senate yokhala ndi mafumu, koma inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo n'kamodzi komwe. Maganizo anga ndi awa. Pa milandu ya malire a minda, pa maliro, pa kusunga mwambo monga umene timauona ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, mfumu ili ndi ntchito imene phungu sangaithe, ndipo ndimaipatsa ulemu wonse. Koma kupanga malamulo omanga dziko lonse, kuphatikizapo ife a m'tauni amene tilibe mfumu kuno, ndi nkhani ina. Mpando umene khomo lake ndi kubadwa umafunika kuuyang'anitsitsa, ngakhale wokhalapoyo ali munthu wabwino, chifukwa wodzalowa pambuyo pake sitikumudziwa ndipo sitingamuchotse.

Palinso mabanja atsopano. Ku Togo banja la Gnassingbé lakhala pa ulamuliro kuyambira 1967, bambo kenako mwana. Ku Gabon banja la Bongo linalamula kuyambira 1967 mpaka 2023. M'mayiko athu ambiri maina omwewo amabwerabwera pa mipando ya nduna, pa makontirakiti a boma ndi pa mapulazi abwino. Sindithamangira kuzitcha aristocracy, chifukwa lamulo lolembedwa likunenabe kuti tonse ndife ofanana, ndipo zimenezo si zachabe: munthu akhoza kupita nalo kukhothi. Koma mbiri ya Venice ikutiuza kuti mabanja amayamba kaye kudya mwa chizolowezi, lamulo n'kudzabwera pambuyo kudzatseka khomo. Zoyenera kuyang'ana ndi zomwe zija: nthaka yabwino ikupita kwa ndani ndipo mwini akamwalira ikutsalira ndani, ndani amene akapalamula mlandu wake sufika pa mapeto, ndiponso ana a ndani akukwatirana okhaokha ndi kuphunzira m'sukulu zimene mphunzitsi wa boma sangalipire ngakhale teremu imodzi.

Ife ana a machona, a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, nkhaniyi timaidziwa kuchokera pansi pake. Kumene kubadwa kumakweza ena, kumatsitsanso ena. Ambiri mwa ife tinabadwira kuno, makolo athu anamanga misewu ya mzinda uno, anakumba golide ndi kukolola fodya wa dziko lino, koma zitupa zathu zinalembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu anauzidwa kuti akakane unzika wa dziko limene ena sanalionepo n'kamodzi komwe, ndipo ambiri amene sanathe kutero analephera kuvota mu 2002. Pogawa minda, ogwira ntchito m'mapulazi, amene ambiri anali a kwathu, ochepa okha ndi amene analandira. Palibe chimene munthu analakwa. Mlandu wake unali dera limene agogo ake anabadwira.

Malamulo a 2013 anakonza mbali imeneyi. Gawo 43 limanena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, kholo lake limodzi kapena onse ali nzika za dziko la mu SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala kuno pa tsikulo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Sapempha chifundo kwa munthu, ndi ufulu wake. Koma chitupa chakale sichisintha chokha. Mwini wake ayenera kupita ku ofesi ya kaundula ndi kalata yake ya kubadwa kuti akalandire chatsopano, kenako n'kukalembetsa m'kaundula wa ovota. M'makomboni mwathu mukadali agogo, azakhali ndi atsibweni amene akusungabe chitupa chakale chija m'chikwama, ena chifukwa kalata ya kubadwa alibe, ena chifukwa palibe anawauza kuti lamulo linasintha. Kholo likakhala lopanda zikalata, kulembetsa mwana kumavutanso, mwanayo n'kukula ali ndi vuto lomwelo pa mayeso, pa ntchito ndi pa voti. Mabungwe athu a maliro ndi mipingo yathu amadziwa nyumba iliyonse imene muli anthu oterewa, ndipo ndi amene angathe kuwaperekeza.